Chibwereza: yang'anani pamene chathyokera

Mtima wakhala pansi tsopano pa nkhani yosanthula ndakatulo. Za ndime ndi mizere sindinena, anzanga a Fomu 4 kuno ku Nkhotakota mukuzidziwa. Chimene chanditsegula mutu ndi ichi: chibwereza pachokha si yankho. Tanthauzo limabisala pamene mlakatuli wasiya kubwereza.

Taonani mizere yoyeserera iyi:

Mwera wabwera, khoka lagona
Mwera wabwera, moto wagona
Mwera wabwera, mwana sagona

Ambiri timangolemba kuti "pali chibwereza cha mawu oti mwera wabwera", basi. Malikisi amathera pomwepo. Koma khutu lazolowera lagona, wagona, kenako likumana ndi sagona. Phatikizo limodzi lokha, sa-, ndilo lanyamula njala yonse ya pakhomo la msodzi amene mphepo yamuletsa kulowa m'nyanja. Choncho dulani mzere kunsi kwa mawu obwerezedwa, zingani amene asintha, ndipo yankho lanu lichokere pa ozingidwawo.

Kenako werengani mokweza mukuomba m'manja pa phatikizo lililonse. Mizere itatuyi ili ndi maphatikizo 10 uliwonse, ogawika 5 ndi 5 pa mpumiro. Chenjerani ndi m: mbuzi ndi awiri, mbu-zi, koma msika ndi atatu, m-si-ka. Mukaphonya apa mumanamizira mlakatuli kuti mzere wake watsimphina. Kwa ine kuomba m'manja kumaposa manotsi onse, ndipo sindingasinthe maganizo msanga.

Kufanana kwa maliwu kumapeto a mizere musakukokomeze. Mawu a Chichewa amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a, ndiye kufanana kwa lembo lomaliza kumangochitika kokha. Kuwerengereni pamene maphatikizo awiri omaliza agwirizana, monga gona ndi ona, poti timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. N'chimodzimodzi "chinthu chachikulu chija": ma ch amenewo ndi mgwirizano wa dzina chabe, si luso.

Chondinyansa n'choti aphunzitsi amathamangira kumaliza silabasi ya MSCE, amatilembetsa mndandanda wa zipangizo za ndakatulo, koma kulakatula mokweza m'kalasi, ayi, nthawi palibe. Chonsecho amayi ovina chiwoda amadziwa bwino pomwe wotsogolera nyimbo asinthira mawu, ovomera akubwereza omwewo.

Pomwe ndikukayikabe ndi pa ndakatulo za mizere yosalingana, zija timamva pa wailesi, mzere wina wa maphatikizo 6, wotsatira 19. Manja amasokonekera. Mwina pamenepo choyezera ndi mpweya wa wolakatula, kaya.