Ndinkafuna kusewera ngati Hikaru, malume anandidyera bishopu

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ife aphunzitsi tinangopezeka ndi nthawi yambiri yosowa nayo chochita. Mnzanga wina ananditumizira kanema pa WhatsApp. Munthu wavala mahedifoni, nyimbo ikulira, akucheza ndi anthu amene akumulembera mauthenga, koma dzanja lili pa mouse akupuntha grandmaster mnzake, katswiri wamkulu wa chess, ngati akuswa mtedza. Masewero onse anatha ndisanamalize n'komwe kutafuna chimanga chimene chinali m'kamwa. Ameneyo anali Hikaru Nakamura, ndipo kuyambira tsiku limenelo bandulo yanga inasiya kufika kumapeto kwa mwezi.

Chess ndinaphunzira kwa malume anga ndili ku sekondale. Bolodi lawo ndi lamatabwa, limakhala pamwamba pa kabati, ndipo pawn imodzi yakuda inasowa kalekale moti m'malo mwake amaikapo chitsekerero cha botolo la Fanta. Iwo akamasewera amatha kukhala phee mphindi khumi, chala chili patsaya, tiyi n'kuzizira. Ndinakula ndikudziwa kuti chess ndi imeneyo. Tsono kuona munthu akusewera masewero athunthu m'mphindi imodzi, uku akuseka, kunandizunguza mutu.

Kwa amene simukumudziwa: Hikaru anabadwira ku Hirakata, ku Japan, mu 1987, koma anakulira ku America. Anakhala grandmaster mu 2003 ali ndi zaka 15, n'kuphwanya mbiri imene Bobby Fischer anali nayo m'dzikomo yokhala grandmaster wamng'ono kwambiri. Wakhalapo katswiri wa America kasanu, anapambana mpikisano waukulu wa ku Wijk aan Zee, ku Netherlands, mu 2011, ndipo mu 2015 rating yake, nambala yoyezera mphamvu za wosewera, inafika pa 2816. Anayamba kuonetsa masewero ake pa Twitch, tsamba la pa intaneti loulutsira zinthu pamene zikuchitika, mu 2018, koma mu 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba, m'pamene dzina la GMHikaru linawanda ngati moto wolusa. Mu 2023 anayamba kuulutsira pa Kick, tsamba lina lofanana ndi Twitch.

Chimene chinandikoka ine ndi bullet, masewero a mphindi imodzi aliyense. Mu bullet nthawi ili ngati pisi ina pabolodi. Ukhoza kukhala ndi kwini mnzako alibe, koma wotchi yako ikafika pa ziro iye akadali ndi kapawn kamodzi, wagonja basi. Hikaru amadziwa zimenezi kuposa aliyense. Safunafuna kusuntha kwabwino koposa nthawi zonse, amasankha kumene kuli kokwanira, kofulumira, komanso kumene kuti kumupatse mnzakeyo mutu. Zinthu zikamuipira sagwa mphwayi. Amakakamira, kutchera kamsampha apa, kuopseza apo, mpaka winayo atadya masekondi ake poganiza. Ndaonapo kambirimbiri kompyuta ikusonyeza kuti Hikaru wathedwa, kenaka osadziwa kuti zatheka bwanji, wapulumuka kapena wapambana kumene. Ndi khalidwe limeneli anatenga Speed Chess Championship ya Chess.com zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 2018 mpaka 2022.

Ndiye pali premove, kusankhiratu kusuntha kwako mnzako asanasewere, kuti iye akangosuntha, kwakonso kuchitike pompo. Pa Chess.com kumakudyera kachigawo kamodzi mwa khumi ka sekondi, pa Lichess, tsamba lina losewererapo chess, sikudya kanthu. Hikaru amatha kundandika ma premove angapo motsatizana. Ine ndinkangoona ngati matsenga, ndipo ndinati nanenso ndiyambe.

Tsiku lina usiku, magetsi atazima, ndili pamphasa ndi foni, ndinali ndi mapisi akuda. Mnzangayo anasewera d4, ine g6 (awa ndi mayina a malo pabolodi), ndipo nthawi yomweyo ndinaika premove ya bishopu kupita pa g7, monga ndinkachitira masewero aliwonse. Iye anangotenga bishopu wake n'kumuponya pa h6, pakamwa penipeni pa bishopu wanga. Munthu wamaso akanangodya bishopu wa ulereyo. Koma premove ilibe maso. Bishopu wanga analumpha n'kukakhala pa g7, iye anamudya, kenaka anadyanso rook pa h8. Masekondi anayi asanathe ndinali nditaluza mapisi awiri. Pambuyo pake ndinamva kuti msamphawu uli ndi dzina, amautcha Lefong, potengera wosewera wina wa ku Canada. Unapangidwira anthu ngati ine.

Sindinaphunzirepo kanthu. Ndinapitiriza kusewera bullet mpaka usiku pakati, masewero makumi anayi, makumi asanu, netiweki ikugwira n'kutaya. Munthu amene intaneti yake imachita kudikira mphepo alibe chifukwa chosewerera masewero a mphindi imodzi ndi munthu wa ku Norway, koma ndani akanandiuza? Ndikagonja ndinkati ndi netiweki. Ndikapambana ndinkati ndine Hikaru wa ku Zomba.

Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi ndili ndi matama. Ndinali nditamva kuti Hikaru anaseweraponso kwini pa h5 pa kusuntha kwachiwiri, osati pa intaneti pokha, koma mu mpikisano weniweni mu 2005 polimbana ndi Krishnan Sasikiran wa ku India. Chimene sindinafune kukumbukira n'chakuti masewerowo anagonja.

Tinakhala pakhonde, bolodi lili pa kampando. Ine e4, malume e5. Ndinatulutsa kwini pa h5 mwamphamvu mpaka chitsekerero cha Fanta chinadumpha.

"Mphwanga, mayi wa pakhomo ukumutuma kumsika kusanache?" anatero malume, uku akutulutsa kavalo pa c6.

Ndinaika bishopu pa c4, kuloza f7. Iwo g6. Ndinabweza kwini pa f3, iwo anatseka ndi kavalo pa f6. Pamenepa Hikaru mu 2005 anaika kavalo pa e2, amene amalondera d4. Ine sindinkadziwa zimenezo, ndinangoona f7 basi, ndiye ndinathamangitsira kwini pa b3. Malume anamwa tiyi, anapukuta ndevu, n'kuika kavalo pa d4. Ndinadya f7 ndi bishopu, "Tcheki, malume!" Mfumu yawo inangosendera pa e7. Kwini wanga anathawira pa c4 kuti azitetezabe bishopuyo, ndipo iwo anakankha kapawn ka b5 ndi chala chimodzi. Ndinayang'ana b3, kavalo akuonapo. Ndinayang'ana d5, kavalo winayo akuonapo. Bishopu anapita choncho.

"Kodi mzungu wako wa pafoniyo amaseweranso chonchi?"

"Si mzungu kwenikweni, malume."

"Kaya. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anandigonjetsa katatu masanawo, ana a mlongo wanga akuonerera.

Pobwerera, mu minibasi, ndinayamba kuganiza za chimene ndinkaona kwenikweni pa makanema aja. Hikaru akamafotokoza amangoti "takes, takes, takes", uku akujambula mivi pabolodi mothamanga, kenaka n'kunena kuti apa ndapambana. Ife oonera timagwedeza mitu ngati tamva. Sitinamve. M'masekondi awiri amenewo iye waona njira zitatu kapena zinayi, wataya zoipazo, ndipo watiuza imodzi yokha. Liwiro limene timalisiriralo ndi nsonga chabe ya chinthu chimene chili ndi mizu yakuya. Bambo ake omulera, Sunil Weeramantry wochokera ku Sri Lanka, ndi mphunzitsi wodziwika wa chess. Mnyamatayo anakulira m'mipikisano ya maola ambirimbiri, ndipo ali wachichepere anasewera masewero osawerengeka pa Internet Chess Club ndi dzina loti Smallville. Zimene ine ndimachita kuwerengera, iye amangozizindikira ngati nkhope ya m'bale wake. Zili ngati madala a bawo pansi pa mtengo wa mango: dzanja limataya nkhomo mofulumira moti mlendo amaganiza kuti akungoseweretsa, chonsecho anawerenga kale kumene kutakata kwakeko kukathere. Ukatengera dzanja lokhalo, udyedwa mpaka nyumba.

Palinso china chimene tiyenera kuvomereza. Stream ndi chisangalalo, ndipo mwini wakeyo wanenapo kangapo kuti masiku ano ntchito yake yoyamba ndi imeneyo. Akamasewera Bongcloud, kutulutsa mfumu pa e2 pa kusuntha kwachiwiri, akusangalatsa anthu. Mu Marichi 2021 iye ndi Magnus Carlsen, katswiri wa dziko lonse panthawiyo, anachita zimenezi onse awiri pa mpikisano wa pa intaneti, mafumu n'kumangopita n'kubwerera mpaka analepherana, onse akuseka. Zinali zokoma kuonera. Phunziro munalibemo. Ndipo monga mphunzitsi, zimene anachita mu 2024 zoonetsa juga pa stream sizinandisangalatse, podziwa kuti ana ambiri amamutsatira. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Hikaru amene anandithandiza ndinamupeza kwina. Mu 2022, pa mpikisano wa Candidates ku Madrid, wosankha wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, ankati akasewera maola asanu kapena asanu ndi limodzi, madzulo omwewo ankajambula kanema wa pa YouTube kufotokoza masewero a tsikulo. M'menemo amayankhula modekha: apa ndinkaopa chakuti, apa ndinaganiza nthawi yaitali chifukwa cha chakuti, apa sindinaone. Tsiku lomaliza ankangofunika kulepherana ndi Ding Liren kuti akhale wachiwiri. Anagonja. Carlsen atakana kuteteza ukatswiri wake, malo achiwiriwo ndi amene anapatsa Ding mwayi wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, n'kuutengadi mu 2023. Tangoganizani kulemera kwa tsiku limenelo. Komabe munthuyo anakhala pansi n'kuwonetsa anthu pamene analakwitsa. Ine amene ndinkati ndikagonja n'kudina msanga masewero ena kuti ndisaone manyazi anga, ndinachita manyazi ena.

Ndiye ndinasintha kaonedwe. Makanema ndimawatsitsa usiku ndi bandulo yotchipa, pa 240p, poti bolodi limaonekabe. Ndikamaonera, chala chimakhala pa batani loimitsa. Asanasunthe ndimaimitsa, n'kulemba m'kope kusuntha kwanga ndi chifukwa chake, kenaka n'kuona chimene iye wachita. Kanema wa mphindi makumi awiri amanditengera ola lathunthu. Nthawi zambiri ndimaphonya, koma kuphonya kumeneko n'kumene kumandisonyeza chimene maso anga saona. Ndinapeza kuti ndili ndi khungu pa mapisi obwerera m'mbuyo. Kavalo akamapita kutsogolo ndimamuona, koma akamabwerera kuti akazungulire mbali ina, ayi.

Bullet ndinaisiya, kupatula Loweruka ndikafuna kungoseka. Ndimasewera masewero amodzi kapena awiri patsiku a mphindi 15, owonjezera masekondi 10 pa kusuntha kulikonse. Masekondi owonjezerawo ndi mankhwala a netiweki yathu, chifukwa ikadukiza pang'ono sufa nayo. Akatha masewero sindithamangira kufunsa Stockfish, pulogalamu ya kompyuta yosanthula masewero. Ndimayamba ndadutsamo ndekha, kufuna malo amene zinthu zinatembenukira, kenaka m'pamene ndimayatsa kompyutayo kuti inditsutse. Ukayamba ndi Stockfish umangoti "eya, eya" ngati mwana wokopera homuweki. Ma puzzle a pa Lichess ndi aulere ndipo pa foni ena amatheka opanda intaneti, ndiye ndimachita angapo pa buleki, koma lamulo langa n'lakuti ndisasunthe ndisanaone mapeto ake m'mutu.

Chimene ndinkachinyoza kwambiri ndi mathero a masewero, mapisi atatsala ochepa. Ndinkati n'zotopetsa. Koma mukamuyang'anitsitsa Hikaru atatsala ndi masekondi asanu, mudzaona kuti sakuganiza, akungochita zimene anaziloweza kale, n'chifukwa chake premove zake sizimugwetsa m'dzenje. Ndinatenga sabata ziwiri pa chinthu chimodzi chokha, njira ya Philidor, yopulumukira ukatsala ndi rook pamene mnzako ali ndi rook ndi pawn. Mfumu yako imakhala kutsogolo kwa pawn, rook yako pa mzere wachitatu kuchokera kumbali yako kutchinga mfumu yake kuti isalowe. Pawn ikangofika pa mzere umenewo, rook imathamangira kumapeto kwenikweni kwa bolodi n'kuyamba kupereka tcheki kuchokera kumbuyo, ndipo mfumu yake imasowa pobisala. Philidor, Mfalansa, anazilemba m'zaka za m'ma 1700. Amon Simutowe wa ku Zambia, kwa anansi athuwa, anakhala grandmaster mu 2009 Twitch isanabadwe n'komwe, ndiye zinthu zakalezi zimagwirabe ntchito.

Pa Isitala chaka chatha ndinakumananso ndi malume pakhonde lomwe lija. Kwini anakhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera. Tinasewera pafupifupi maola awiri, ndipo kumapeto anali ndi pawn imodzi yoposa, chitsekerero cha Fanta chija, ndi rook aliyense. Ndinaika rook pa mzere wachitatu n'kupinda manja. Anayesa uku, anayesa uko, anakankha chitsekererocho, ine n'kutsitsa rook kumbuyo. Tcheki. Tcheki. Tcheki. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana ine.

"Izi wakuphunzitsa ndi wa pafoni uja?"

Ndinati mbali ina. Anapempha kuti ndiwaikire Lichess pafoni yawo, ndipo ndinawaikira, n'kuwasankhira masewero a mphindi 30 oyenera munthu wa msinkhu wawo. Sabata yatha anandiimbira cha m'ma 10 koloko usiku, ine n'kudzidzimuka poganiza kuti kwagwa zovuta kumudzi.

"Mphwanga, pali mnyamata wa ku Brazil akundithera nthawi. Chija umati premove chija, amadina pati?"