Foni yapita, ndalama zapitanso

Ndangotuluka kumene kupolisi chimanjamanja. Foni ija ndinagula kwa mnyamata wa pa Facebook yapezeka kuti ndi yobedwa. Apolisi aitsatira ndi IMEI, manambala 15 aja ozindikiritsa foni amene amatuluka ukaimba *#06#. Ine ndinali ndisanawaonepo n'kale lomwe.

Chandipweteka kwambiri ndi zimene wapolisi wandifotokozera, modekha ngati akulangiza mwana. Wakuba sangakugulitse umwini umene iyeyo alibe, choncho katundu amabwerera kwa mwiniwake, iwe ukalondole ndalama zako kwa amene anakugulitsa. Ndipo zikaoneka kuti unkadziwa, kapena mtengo unali wotsika moti aliyense akanakayika, mlandu umakugwera iweyo: kulandira katundu wakuba. Zoti "lamulolo sindimalidziwa" kukhoti sizigwira ntchito. Ine chandiombola ndi mauthenga a pa WhatsApp amene tinkanenererana mtengo. Mwamwayi sindinawafufute, ulesi wandithandiza lero.

Koma zoona anzanga, kusukulu tinaloweza mayina a mitsinje ya kutali, izi osatiuzako ngakhale kamodzi? Mnyamata uja ndamuimbira kanayi, nambala yake sikupezeka.