Ntchentche za mango zasamukira m'magwafa

Mwezi wa Malichi alimi a kuno ku Mkanda, m'boma la Mchinji, mtima wawo uli pa fodya ndi soya. Ukawauza za ntchentche za zipatso amangoti zinatha ndi mango. Ine ngati mlangizi ndimadziwa kuti zangosamukira m'mitengo ina, koma pakamwa pokha sangakukhulupirire.

Lolemba ndinayendera misampha yathu ya mabotolo. Mkati timapachikamo thonje la methyl eugenol, mankhwala okoka ntchentche zazimuna za mtundu wa Bactrocera dorsalis. Kwawo ndi ku Asia, ndipo mu Africa zinapezeka koyamba ku Kenya mu 2003. Misampha ya m'mitengo ya mango inagwira zochepa, pomwe ya kudambo, kumene magwafa anamera okha, inali bii.

Lachiwiri ndinatenga ana a sukulu kukatola zipatso zakugwa. Magwafa tinaika m'chidebe chawo, mandimu m'chawo, pansi mchenga, pamwamba nsalu. Mphutsi ikakhwima imatuluka m'chipatso n'kulowa m'dothi, nkhani ya mchenga ndi imeneyo.

Chimene ndimafuna anthu aone n'chakuti ntchentcheyi sichulukana mofanana pa mtengo uliwonse. Gwafa khungu lake n'lopyapyala, mkati mofewa, motero yaikazi imaboola mosavuta ndipo ana ake amakula bwino. Ndimu ali ndi khoko lokhuthala la mafuta amene amapha mazira ambiri ndi mphutsi zongoswa kumene. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira opitirira 1,000 pa moyo wake, ndipo kukamatentha, pakangotha mwezi ana aja nawo ayamba kuikira. Ndiye mango akatha, magwafa amazilandira, kenako manachesi ndi malalanje amazisunga m'nyengo yozizira mpaka mango adzayambenso. Zoboola maungu ndi nkhaka nthawi zambiri ndi mitundu ina, misampha iyi siyizigwira.

Lachitatu mvula inanditsekera mu ofesi, ndinangolemba malipoti.

Lachisanu tinasefa mchenga uja pamaso pa kalabu ya alimi. M'chidebe cha magwafa munatuluka tizikwa tofiirira tambirimbiri, m'cha mandimu munali apa ndi apo. Bambo wina anaimirira.

"Ndiye tingodula magwafawo, alangizi?"

"Ayi bambo, nanga ana adya chiyani? Muzitola zakugwa, muzimange m'thumba lakuda la pulasitiki n'kuliika padzuwa, kapena muzikwirire m'dzenje lopitirira theka la mita. Mukangofotsera pamwamba ndiye kuti mwazithandiza."

Apa m'pamene panavuta. Mango ali ndi eni ake, koma magwafa a kudambo alibe mwini, aliyense amathyola, wotola zoola palibe. Mayi wina anati ntchitoyo ipatsidwe kwa eni madimba, eni madimba anakana. Tinagwirizana kuti nkhaniyi ipite kwa amfumu Lachiwiri likudzali, ndipo andiuza kuti ndidzabwere ndi chidebe cha magwafa chija.