Tepi ikang'ambika, chakudya chimabwerera

Khitchini yomwe ndimagwiramo ntchito kuno ku Johannesburg ili kufupi ndi Glenhazel, dera lomwe kumakhala Ayuda ambiri osunga malamulo a chipembedzo chawo. Timaphika chakudya cha kosher, kutanthauza chololedwa ndi malamulo a zakudya a Chiyuda, chopakiratu m'makontena, chopita m'zipatala, kwa okalamba amene sathanso kudziphikira, ndi kwa anthu a paulendo. Ine ndili ku gawo la nyama, komwe mipeni, mapoto ndi matabwa odulirapo zonse zili ndi chizindikiro chofiira. Za mkaka ndi zabuluu ndipo zili m'chipinda china, chokhala ndi sinki yakeyake. Nyama ndi mkaka sizikumana, ngakhale pa supuni.

Lolemba tinafika m'mamawa koma palibe anakhudza mbaula. Amene amayatsa moto ndi a mashgiach, bambo oyang'anira malamulo a zakudya, omwe amayankha ku Beth Din, khoti la atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda. Pali zakudya zomwe siziloledwa ngati waphika yekha munthu amene si Myuda, ndipo pa mwambo wa Ayuda ambiri a kuno, omwe makolo awo anachokera ku Lithuania, Myuda akayatsa motowo zakwanira. Bambowa atayatsa, anatsegula firiji, nayang'ana chidindo pa bokosi lililonse la nkhuku tisanayambe kudula. Nyamayo imabwera itaphedwa kale ndi shochet, Myuda wophunzitsidwa kupha nyama motsatira malamulowa, itanyikidwa m'madzi kwa theka la ola, n'kukhala mu mchere ola lathunthu kuti magazi atuluke. Ndiye chifukwa chake pophika sindithira mchere wambiri.

Lachiwiri linathera pa masamba. Anthu akamva za kosher amangoganiza za nkhumba, koma chomwe chimatidyera nthawi ndi tizilombo. Nsabwe imodzi ya m'masamba, yaing'ono ngati njere ya mpiru, ndi yoletsedwa kudya. Sipinachi ndi letesi timazithothola tsamba ndi tsamba, n'kuzinyika m'madzi a sopo wotsukira masamba, n'kutsukuluza, kenako a mashgiach amaunika pa kuwala. Akapeza tizilombo timabwerezanso. Tikachuluka, mtolo wonse umachotsedwa. Mazira nawo amasweredwa m'galasi limodzilimodzi, chifukwa dzira lokhala ndi kadontho ka magazi limatayidwa. Mwa mazira a tsikulo angapo anapita m'bini, ndipo palibe anadandaula, poti likanagwera mu mtanda bwenzi titakhala pansi kudikira chigamulo cha mtanda wonse.

Lachitatu inali nsomba ya hake. Mnyamata watsopano wa ku Nkhotakota anandifunsa, "Achimwene, kodi chambo chingalowe muno?" Ndinamuuza kuti chingalowe, chifukwa pa Levitiko 11 nsomba yololedwa ndi yokhala ndi zipsepse ndi mamba. Kampango ndi mlamba ayi, alibe mamba. Anapukusa mutu, poti kwawo kampango ndi ndiwo ya alendo olemekezeka.

Tsiku lomwe linandikhudza ndi Lachinayi. Tinali titatumiza nkhuku yootcha, mpunga ndi kaloti kuchipatala china. Kontena iliyonse timaikuta kawiri, n'kumata tepi yokhala ndi chizindikiro cha kosher. Kukuta kawiriko n'kofuna kuti chakudyacho chitenthetsedwe mu uvuni ya kuchipatala, momwe mumalowa zakudya za mtundu uliwonse, popanda nthunzi ya zinazo kuchifika. Ndiponso nyama yodutsa m'manja mwa anthu ena imafunika zidindo ziwiri. Masana galimoto inabwera ndi makontena ena atabwezedwa. Wina kumeneko, mwina pofuna kuthandiza, anang'amba tepi kuti aone ngati chatentha.

Mnyamata uja sanamvetse. "Komatu chakudyachi n'chabwinobwino, palibe wachikhudza," anatero. Zoona, chinali chabwino, ndipo tinadya ife antchito. Koma taganizani za gogo amene wagona pa bedi m'chipatala, wasunga malamulo amenewa kuyambira ali mwana. Sationa ife, sadziwa amene wayatsa moto kapena amene waunika sipinachi. Chomwe angaone ndi tepi yokhayo. Ikakhala yong'ambika ambiri sadya, amangomwa madzi n'kugona ndi njala, ali odwala kale. Ine zimenezi sindiziona ngati kuvuta. Tinasiya zina zonse, tinaphikanso, a mashgiach anamata tepi ndi manja awo, ndipo abwana anaimba foni kuwafotokozera anamwino kuti kontena ilowe mu uvuni momwe ilili, wotsegula akhale wodwala mwini wake.

Lachisanu n'kuthamanga kokhakokha. Shabbat, Sabata la Ayuda, imayamba dzuwa likamalowa, ndipo mu June kuno limalowa isanakwane 5:30 madzulo. Kuyambira pamenepo mpaka usiku wa Loweruka Ayudawa saphika, sayatsa moto, sagula. Choncho maoda amachuluka: supu ya nkhuku, kugel, chakudya cha mbatatesi chophikidwa mu uvuni, ndi cholent, nyemba zosakaniza ndi nyama ndi balere, zomwe mabanja amazisiya pa moto wochepa usiku wonse kuti adzadye zotentha masana a Loweruka. Okalamba okhala okha timawapakira zakudya za masiku awiri, ndipo madalaivala amayenera kufika pakhomo lililonse nthawi idakalipo. Mmodzi anachedwa ndi mzere wa magalimoto pa Louis Botha Avenue, tonse maso ali pa wotchi mpaka anaimba kuti wapereka kontena yomaliza.

Cha m'ma 2 koloko tinali titatsuka ndi kukolopa. A mashgiach anazimitsa gasi, anakhoma firiji ya nyama, n'kutenga makiyi. Oda yoyamba ya Lamlungu inali italembedwa kale pa bolodi, ya chipatala chomwe chija.