Pa mlatho wa Goldbrook ndinaphunzira kufunsa za njira zakale

Mvula inandipeza ndili pa mlatho wa Goldbrook, makina anga ofufuzira zitsulo ali m'chikwama kumsana, osayatsidwa chifikire m'mudzimo. Mudziwo ndi Hoxne, m'chigawo cha Suffolk ku England. Eni ake satchula dzinali monga lilembedwera, amati Hokiseni, ndipo ukatchula mwina amakuwongolera mwaulemu.

Za ulendo wochokera ku London ndilibe zambiri zonena. Sitima yopita ku Norwich imanyamukira pa Liverpool Street n'kuima pa Diss, ndipo kuchokera pamenepo mudziwo uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8. Makilomita amenewo ndiwo anandisautsa. Mabasi a kumidzi kumeneko ndi osowa zedi. Ndinadikira mpaka mapazi kuzizira, kenaka ndinangouyamba wapansi, katundu kumsana, m'kamsewu kopapatiza kopanda poyenda anthu. Amene mukufuna kupitako, konzeranitu galimoto yokakutengani pa siteshoni musananyamuke.

Zinandikokera kumeneko ndi nkhani ziwiri za golide m'mudzi umodzi. Yoyamba ndi nthano. Amati m'chaka cha 869, Edmund, mfumu ya East Anglia, ufumu wakale wa kum'mawa kwa England, atagonja kwa ankhondo a ku Denmark anabisala pansi pa mlatho umenewu. Akwati amene ankawoloka anaona chinthu chikunyezimira m'madzi. Zinali zitsulo zagolide za ku zidendene za mfumuyo, zija amabayira hatchi kuti ithamange. Akwatiwo anaulula, mfumu inagwidwa, ndipo akuti inatemberera akwati onse amene adzawoloke mlathowo popita ku ukwati wawo. Ankhondo aja anaimangirira ku mtengo, kuilasa mivi, n'kuidula mutu. Chapafupi pali mtanda wamwala pamalo pamene panali mtengo wa oak umene unagwa mu 1848, umene anthu ankati ndi womwewo. Midzi ina imanenanso kuti imfa imeneyi inachitikira kwawo, monga Hellesdon kufupi ndi Norwich, koma a ku Hoxne sagonja.

Yachiwiri si nthano ayi. Pa 16 Novembala 1992, mlimi wina wobwereka munda wa khonsolo, Peter Whatling, atataya nyundo yake m'munda anapempha mnzake Eric Lawes kuti amufunire ndi makina. Lawes anayamba kutulutsa masupuni asiliva, zokongoletsera zagolide ndi ndalama zachitsulo. Ndalama zonse zinakwana 14,865, mwa izo 569 zagolide, pamodzi ndi zinthu zina pafupifupi 200. Zinakwiriridwa m'bokosi lamatabwa cha m'ma 407 kapena patapita zaka zingapo, nthawi imene ulamuliro wa Aroma unkatha ku Britain. Ndinali nditaziona kale ku British Museum, m'chipinda nambala 49, ndipo kulowa kumeneko n'kwaulere. Chinandikhudza n'chakuti bokosilo linali laling'ono, lotalika masentimita pafupifupi 60 okha, loti munthu n'kulikumbatira. Muli kachidole kasiliva ka mayi kothiramo tsabola, nyalugwe wasiliva amene anali chogwirira cha chiwiya china, ndi ndalama zambirimbiri zodulidwa m'mphepete ndi anthu ofuna siliva, koma nkhope ya mfumu osaikhudza.

Ndiye ndinaima pa mlathopo ndikunyowa, ndikuyang'ana timadzi tochepa toti mwana n'kudumpha. Ndinalibe chilolezo cha munda uliwonse. Makalata amene ndinalembera alimi angapo ndisananyamuke sanayankhidwe ngakhale imodzi.

Apo m'pamene anatulukira bambo wina wachikulire, galu patsogolo, ambulera m'manja. Anayang'ana ndodo ya makina imene inkasuzumira m'chikwama.

"Mwabwera kudzafuna golide wa mfumu?" anafunsa.

"Ayi bambo, ndabwera kudzaona kumene nkhani zimenezi zinachitikira. Koma munda uja wa nyundo ndikadakonda nditauona."

Anapukusa mutu. Anati munda umenewo ndiusiye, si wanga ndiponso si wawo. Akatswiri ofukula zakale anabwereranso mu 1993 ndi mu 1994, ndipo ulendo wachiwiriwo unachitika chifukwa akuba anali atayamba kukumba usiku. Atatchula akubawo nkhope yawo inasintha. Ndipo ine ndinamvetsa chifukwa chake makalata anga sanayankhidwe. Anthu olowa m'minda ya eni usiku, kusiya maenje oti ng'ombe n'kuthyoka mwendo, n'kukagulitsa zimene apeza mobisa, ndi amene atitsekera zipata tonsefe. Zimandiwawa kwambiri. Chinthu chikazulidwa m'nthaka popanda wolemba malo ake ndi kuya kwake, mbiri yake yafera pomwepo, chatsala n'chitsulo chabe. Ulemu wa Lawes uli pamenepa: ataona kuti zinthuzo n'zochuluka analeka kukumba, nakauza apolisi ndi khonsolo. Tsiku lotsatira akatswiri anafukula zonse mwadongosolo, mpaka kupeza zidutswa za nsalu ndi udzu umene anakutira mbale. Mphotho ya mapaundi 1.75 miliyoni anagawana ndi mlimi uja. Nyundo nayo inapezeka, ndipo inaperekedwa ku British Museum.

Tinacheza pa mlathopo mpaka galu kuyamba kunjenjemera. Kenaka bambowo anati, "Kuseri kwa nyumba yanga kuli kabusa kakang'ono. Golide mulibe. Koma mwayenda mtunda wautali ndi katundu ameneyu, tiyeni mukayatse makina anuwo."

Kabusako kanali ndi udzu wonyowa wofika m'akakolo ndi mpanda wa minga mbali zonse. Ndinavala mahedifoni n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, makina akulowera uku ndi uku pamwamba pa udzu. Eni ake anandiyendera pambali, atandifunditsa ambulera yawo, iwo phewa likunyowa. Ndinawapempha kawiri kuti akakhale m'nyumba, anakana. Maola awiri athunthu munthu wamkulu ngati ameneyo akuyenda ndi mlendo wosamudziwa n'dzina lomwe.

Makina akalira mokhuthala, monga mwa chizolowezi chimakhala chitsulo wamba. Tinatulutsa misomali yadzimbiri, waya wa mpanda, chivindikiro cha botolo, tizidutswa ta mtovu. Paliponse ndinkadula udzu mozungulira mbali zitatu, kuupinda ngati chitseko, kuthira dothi pa kansalu, ndipo ndikamaliza kubwezera zonse n'kupondapo. Ndinaona kuti ankayang'anitsitsa zimenezi kuposa zimene ndinkatulutsa.

Ola loyamba litatha anandigwira mkono. "Mukufuna polakwika. Chipata sichinali apa kale. Chinali uko, pafupi ndi chitsa chija, ndipo njira inkadutsa chopingasa kupita ku dziwe limene tinalikwirira ndili mnyamata." Ine ndinkangoona udzu wofanana paliponse. Iwo ankaona munda wina umene kulibenso.

Titasamukira ku chitsa kuja makina anayamba kulira mosalekeza. Batani, batani linanso, theka la chitsulo cha ku phazi la hatchi. Kenaka kulira kwina koyera, kwakuthwa. Pakuya ngati chikhatho panatuluka chomangira lamba chamkuwa, chachikulu ndithu, chobiriwira ndi ukalamba. Ndinachipukuta ndi chala n'kuwapatsa.

Anachitembenuza m'manja nthawi yaitali osayankhula. Mvula ikugwa pa ambulera, galu atakhala pansi. Kenaka anati n'cha pa zingwe za hatchi yolima. Bambo awo ankasunga mahatchi a mtundu wa Suffolk Punch, ofiirira aja a chifuwa chachikulu, mathirakitala asanabwere, ndipo pa chipata chimenecho m'pamene ankawamasula madzulo. Anandiuza mayina a mahatchi awiri, ndi mmene iwo ali kamwana ankakwezedwa pamsana pa imodzi, miyendo yawo osafika n'komwe m'nthiti. Mawu awo ananjenjemera pang'ono. Chomangiracho ndinawasiyira. Chinali chawo kale, pakuti chotuluka m'munda wa munthu n'cha mwini munda pokhapokha mutapangana zina.

Ndakhala ndikulondola nthano za chuma chokwiriridwa kwa zaka zingapo, ndipo pafupifupi zonse n'zofanana: mfumu yothawa, ngolo ya golide yomira, mphika wa ndalama pansi pa mtengo. Chuma cha mfumu John chimene amati chinamira m'matope a The Wash, ku gombe la kum'mawa kwa England, mu 1216 anthu akuchifunabe mpaka lero. Koma chuma chenicheni cha ku Hoxne chinalibe nthano ngakhale imodzi. Chinagona m'munda zaka pafupifupi 1,600 anthu akulima pamwamba pake, pamene maso a mudzi wonse anali pa mlatho. N'chimodzimodzi ndi golide wa ku Staffordshire amene Terry Herbert anapeza mu 2009 m'munda wamba kufupi ndi Lichfield. Sindikunyoza nthano. Nthano ya Edmund ndiyo inandiimitsa pa mlatho, ndiyonso inatsegula pakamwa pa bambo aja. Koma tsopano ndikakumana ndi achikulire, ndikamva nthano yawo yonse, ndimafunsa za zinthu zooneka zopanda pake: njira yakale inkadutsa pati, chitsime chinali kuti, antchito ankapumira pansi pa mtengo uti, msika unkachitikira m'bwalo liti. Pamene anthu ankaima, kuwerama, kusinthana ndalama, m'pamene zinthu zinkagwa m'matumba. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Ku England kulinso mapu akale a chakhumi cha tchalitchi, amene anajambulidwa pambuyo pa lamulo la 1836, ndipo amabwera ndi mndandanda wa mayina a minda ndi eni ake. Zolembedwa zakale za ku Suffolk mukazifunse ku Suffolk Archives ku Ipswich. Dzina la munda nthawi zina limasunga chimene anthu anaiwala, monga mphero kapena ng'anjo ya njerwa. Malamulo nawo muwadziwe musanayatse makina. Munda uliwonse uli ndi mwini, ngakhale wooneka wosiyidwa, ndipo pamalo otetezedwa ndi boma ngati zipilala zakale kufufuza popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la Treasure Act la 1996 limati chimene mukuganiza kuti ndi chuma chakale mukachinene kwa coroner, mkulu wa boma woona za nkhani zotere m'deralo, pasanathe masiku 14. Zinthu zina zazing'ono mungakazilembetse mwaufulu kwa akatswiri a Portable Antiquities Scheme, imene inayamba mu 1997. Pangano la kagawidwe mulembe papepala ndi mwini munda dothi lisanakhudzidwe. Ndipo tengani mabatire apadera, chifukwa kuzizira kumawamaliza msanga. Anga anayamba kufooka dzuwa lisanalowe.

Madzulo bambo aja sanalole kuti ndibwerere wapansi. Anatulutsa galimoto yawo yakale, galu kumbuyo, chomangira chija atachiika patsogolo pafupi ndi chiwongolero. Tikuyandikira mlatho anachepetsa liwiro n'kuloza kamsewu kena kokhotera kumbali. Anati tsiku la ukwati wawo galimoto ya mkwatibwi inadzera kumeneko, kuzungulira mtunda wautali, chifukwa malemu akazi awo anakaniratu kuwoloka Goldbrook atavala diresi yoyera. Ife tinawoloka, ndipo anakandisiya pa siteshoni ya Diss sitima ya ku London itatsala pang'ono kufika.