Mmene ndinathetsera waranti ya galimoto yanga ku Leeds

Galimoto ndinagula chifukwa cha ntchito. Ndimasamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku Leeds, ndipo pa tsiku ndimatha kulowa makomo 8 kapena 9, zomwe pa basi sizitheka. Ndinapeza Toyota Yaris yoti inayendapo kale, n'kuitenga pa ngongole yolipira mwezi ndi mwezi. Tili mkati mosainirana, wogulitsa anandikopa kuti ndionjezere waranti ya zaka ziwiri ya mapaundi 600, kuti injini kapena giyabokosi ikadzafa ndisadzapise m'thumba. Ndinavomera, ndipo ndalamayo anaiphatikiza ku ngongole ya galimoto.

Mapepalawo anawawerenga mofatsa ndi mayi akunyumba. "Bambo, mwaonapo apa? Mabuleki, batire, matayala, chilichonse chotha chifukwa choyenda, salipira. Sevisi akuti muzikachitira ku galaja yolembetsa VAT, malisiti muzisunga. Ndiye achimwene aja amatikonzera galimoto panja pa nyumba yawo asiye?" Titaunguza bwino tinaona kuti zimene zimafa kawirikawiri pa galimoto ya zaka zake ndi zomwezo zimene iwo anazichotsamo. Pa tsiku la 9 ndinaimbira foni wogulitsa uja kuti warantiyo sindikuifuna. Anandiyankha kuti wamva, akonza.

Mwezi unatha, wina n'kulowa, ngongole ili chimodzimodzi. Nditaimbanso anati zothetsa si zawo, ndilankhule ndi kampani yoyendetsa warantiyo. Kumeneko anati masiku 14 anadutsa kale, m'kompyuta mwawo mulibe pempho langa, ndipo akadutsa masikuwo sabweza kanthu. Zinandiwawa kwambiri. Mapaundi 600 ndi ndalama yoti kwathu ku Mulanje ikanalipira fizi ya mwana wa mchemwali wanga n'kutsalako ya feteleza.

Maganizo oyamba anali oti ndiimitse Direct Debit ya ngongole, ndiko kuti ndalama imene imachoka yokha ku akaunti yanga ya ku banki mwezi ndi mwezi, mpaka andimvere. Nditafunsa ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu, anandiletsa, ndipo ndimayamika. Ngongoleyo ndi mgwirizano wina, ndi kampani ina; ukalumpha mwezi mbiri yako ya ngongole imada, ndipo kuno mbiri imeneyo amaiyang'ana ukafuna nyumba ya lendi ngakhale foni ya kontirakiti. Ndinapitiriza kulipira, ndinangowalembera a ngongolewo kuti pali mkangano pa gawo la waranti.

Chimene chinanditsegula maso ndi funso limene sindinaliganizirepo: kodi warantiyi ndi inshulansi kapena ayi? Kuno mawaranti a galimoto ali mitundu iwiri. Ena kumbuyo kwake kuli kampani ya inshulansi, ndipo amenewo amayang'aniridwa ndi Financial Conduct Authority (FCA), bungwe loyang'anira makampani a zachuma. Malamulo ake amapatsa wogula masiku 14 oti asinthe maganizo, kuwerengera tsiku la mgwirizano kapena tsiku limene walandira mapepala ake ngati anabwera mochedwa, ndipo mkangano ukakanika umapita ku Financial Ombudsman Service, ofesi yoweruza madandaulo a pa zachuma. Ena ndi lonjezo chabe la kampani kuti idzakonza galimoto; amenewo khomo lake nthawi zambiri ndi The Motor Ombudsman, ngati kampaniyo inalowa m'ndondomeko yawo. Ukagogoda khomo lolakwika umataya miyezi. Pa mapepala anga, m'munsi mwa tsamba ndi tizilembo tating'ono, panali dzina la kampani ya inshulansi ndi nambala yake ya FCA. Ndinaifufuza pa kaundula wa FCA pa intaneti, ndinaipeza. Pa tsamba lomwelo panalinso mawu amene mlandu wonse unadzatsamirapo: wofuna kuthetsa m'masiku 14 adziwitse wogulitsa galimoto kapena kampani yoyendetsa waranti. Sanalembe kuti zikhale za kalata.

Kuyambira pamenepo foni ndinaisiya, zonse ndinkalemba pa imelo. Kalata yoyamba inapita kwa onse awiri, wogulitsa ndi kampaniyo, ndipo pamutu pake ndinaika mawu akuti formal complaint. Mawuwa ndi ofunika, chifukwa dandaulo likalowa kampani yoyang'aniridwa ndi FCA imakhala ndi masabata 8 oti ipereke yankho lomaliza. Ndinalemba mwachidule tsiku logula, tsiku limene ndinaimba, zimene ndinauzidwa ndi chimene ndikufuna, ndiko kubwezeredwa ndalama. Ndinaphatikiza chithunzi cha m'foni mwanga choonetsa nambala yawo, tsiku ndi mphindi zimene tinalankhula.

Kalata yachiwiri ndi imene anthu ambiri saidziwa. Malamulo oteteza zinsinsi za munthu kuno amakulola kupempha kampani chilichonse chimene ikusunga chokhudza iwe, mwaulere, ndipo iyenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Amati subject access request. Ndinapempha mawu ojambulidwa a foni ija ndi zonse zolembedwa pa fayilo yanga. Mawu a foni anati sanasunge. Koma pa mapepala amene anatumiza panali mzere umodzi wolembedwa ndi wantchito wa wogulitsa galimoto uja, tsiku lomwe lija la 9, wonena kuti kasitomala waimba akufuna kuthetsa waranti. Nditauona ndinaitana mayi akunyumba kuti adzawerenge okha.

Ngakhale zinali choncho, yankho lomaliza linabwera sabata la 7 lili lokana. Anati pempholo silinafike kwa oyendetsa waranti m'nthawi yake. Kumapeto kwa kalatayo, monga lamulo liwakakamiza, ananena kuti ndili ndi ufulu wopita ku Financial Ombudsman Service pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku la kalatayo. Sindinadikire. Usiku womwewo ndinadzaza fomu yawo pa intaneti, n'kuikapo mgwirizano, yankho lomalizalo, chithunzi cha foni ndi mzere uja. Salipiritsa, ndipo loya safunika.

Kumeneko pamafunika mtima wodekha. Panapita miyezi nkhani yanga isanapatsidwe kwa wofufuza. Atandiimbira anangofunsa zinthu ziwiri: ngati ndinapemphapo kuti andikonzere kanthu pa warantiyo, ndi ngati ndinalandira mapepala tsiku lomwe ndinagula. Sindinakonzetsepo kalikonse, ndipo zimenezi zinandithandiza. Maganizo ake analembera mbali zonse: mgwirizano unkalola kudziwitsa wogulitsa, ndinamudziwitsa m'nthawi yake, kulephera kwake kupititsa uthengawo si mlandu wanga. Kampani ikanakana, nkhani ikanakwera kwa ombudsman mwini, amene chigamulo chake chimamanga kampani ngati wodandaula wachivomereza. Sizinafike kumeneko, anavomera.

Ndalamayo sinabwere m'manja mwanga, poti sinachoke m'manja mwanga poyamba. Anaitumiza ku kampani ya ngongole atachotsapo kagawo ka masiku 9 amene warantiyo inagwira ntchito, zimene malamulo amalola. Ndinapempha a ngongolewo sitetimenti yatsopano yoonetsa kuti ndalama yotsala yatsika ndipo chiwongoladzanja achiwerengeranso. Inafika patatha masabata awiri, ndipo ndinaiika mu envulopu yomwe muli mapepala ena onse a galimotoyo.