Kanopi ya pikapu ya malemu bambo yasiya kudontha

Matumba atatu a ufa ndi amene anandichititsa kuti ndisiye kuzengereza. Mu Januwale kunagwa zovuta kwa anzathu ena a mpingo ku Dzivarasekwa, kuno ku Harare, ndipo monga mwa nthawi zonse anatuma ine kukatenga ufa, kabichi ndi mafuta ophikira ku Mbare, poti pikapu yanga ili ndi kanopi, denga lija lotseka kumbuyo konyamulira katundu. Mvula inandipeza pa Bulawayo Road, ya mkuntho ija yoti ngakhale mawaipa sathandiza. Nditafika pasiwa, amayi atatsegula chitseko chakumbuyo, matumba onse apansi anali atanyowa mbali imodzi, ufa utaumbana. Palibe anandinena. Mayi wina wachikulire anangoti, "Musadandaule achimwene, tiuyanika n'kusefa." Koma ufa wa pamaliro ndi ndalama za anthu zosonkha movutikira, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione bwino.

Galimotoyi ndi Mazda B1800, imodzi mwa zija ankalumikiza konkuno ku Willowvale. Malemu bambo anaigula kwa munthu atapuma pantchito, kanopi yake ya fibreglass (pulasitiki wolimba wokhala ndi ulusi wa galasi m'kati) ili kale pamwamba. Iwo anabadwira ku Ntcheu, ndipo tikamapita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Zobue, ife ana tinkagona m'kanopimo pa matiresi, pakati pa matumba a shuga ndi mabulangete a agogo. Ndiye munthu akandiuza kuti ndingoitaya n'kugula tenti, sindimumva.

Kwa zaka zinayi, mvula ikayandikira, ndinkagula silikoni n'kupaka paliponse pamene ndaona ngati mpata. M'mbali mwa mawindo, m'ngodya, pamwamba pa mabawuti. Inkagwira milungu iwiri kapena itatu, kenako madzi aja n'kuyambiranso. Chaka chino ndinapita ku Gazaland ku Highfield, kwa madala ena amene ankadziwana ndi bambo, nawonso a kwathu komweko. Sanayang'ane n'komwe silikoni wanga. Anaika phewa pangodya yakumbuyo ya kanopi n'kukankha. Kanopi yonse inasuntha, gwede, n'kubwerera.

"Mwana wanga," anatero, "ukulimbana ndi madzi, koma mlandu uli ndi mabawuti. Chinthu chimene chikugwedera sungachimate. Yamba wachikhazika pansi."

Anandifotokozera kuti bodi ya pikapu imapindika pang'ono nthawi iliyonse tayala likagwa m'dzenje, ndipo maenje m'misewu yathu ya ku Mufakose simufunika kuwasaka. Kanopi ikakhala yolimba pamalo pake, ndi labala wabwino pansi, imayendera limodzi ndi bodi. Ikakhwepa imayamba kudzikhula pachitsulo, mabowo a mabawuti amakula, labala amaphwanyika, ndipo chilichonse chimene wapaka pamwamba chimang'ambika. Anandiuzanso chinthu chimene sindinkachidziwa: silikoni wamba uja wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi akamauma, ndipo pachitsulo chopanda penti amaitana dzimbiri. Ndiye kuti zaka zonsezi ndinkawonjezera matenda.

Loweruka lotsatira tinaitsitsa kanopiyo. Musayese nokha, si yolemera kwambiri koma ndi yaikulu, ndipo mukainyamula mopotoka imasweka. Tinali anayi: ine, mwana wanga wamkulu, mlamu wanga ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo. Tinaigoneka chagada pa matayala akale anayi.

Zimene ndinaona pansi pake zinandimvetsa chisoni. Mabawuti anali asanu ndi limodzi, atatu mbali iliyonse, a M8 omasula ndi sipanala ya 13. Awiri anali atadyeka ndi dzimbiri mpaka kuonda pakati ngati chiuno cha mavu, ndipo limodzi linathyoka nditangolipotoza. Mawasha ake anali ang'onoang'ono, moti anali atalowa m'kati mwa fibreglass. Bowo lakutsogolo kumanzere linali litakula loti chala changa chachikulu chinkalowa, ndipo kuchokera pamenepo ming'alu inayala ngati ukonde wa kangaude. Labala wa pansi anali atauma gwa, ndikamugwira ankangoyoyoka. Pamkombero wa bodi, pamene labalayo ankasunga chinyezi, panali mzere wa dzimbiri kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo.

Ntchito ya chitsulo inali yosavuta, kungoti yotopetsa: kupala ndi bulashi ya waya, sandipepa, mankhwala opha dzimbiri, penti yoyamba yoteteza ku dzimbiri yotchedwa red oxide, kenako penti yapamwamba. Inatenga masiku awiri chifukwa chodikira kuuma.

Pa fibreglass ndi pamene panafunika kudekha. Kumapeto kwa mng'alu uliwonse ndinaboola kabowo kakang'ono, ka mamilimita atatu, kuti mng'aluwo usapitirire. Kenako ndinapala mozungulira bowo lowonongeka lija, kum'kati, malo aakulu ngati chikhatho, mpaka ulusi woyera wa m'kati utaonekera, m'mphepete ndikusendeza pang'onopang'ono kuti chigamba chisakhale ndi phewa. Valani chotchinga pamphuno ndi malaya a manja aatali, fumbi lake limayabwa ngati chitedze ndipo si labwino m'mapapo. Ndinapukuta ndi acetone, mankhwala ochotsa mafuta ndi litsiro. Apa mpamene silikoni wakale anandivutitsa koposa, chifukwa pamene iye wakhalapo palibe chimene chimagwira, ngakhale silikoni mnzake. Ndinachita kumupala ndi lumo kachidutswa ndi kachidutswa, madzulo onse.

Resin, mankhwala amadzi okhuthala omatira chigamba cha fibreglass, ndinkasakaniza pang'onopang'ono m'chitini chodula, mamililita 100 ndi mamililita awiri a mankhwala oumitsa. Ulendo woyamba ndinasakaniza wambiri masana dzuwa lili pamutu, ndipo anatentha n'kuundana m'chitinimo ndisanafike ndi pakati pomwe. Kuyambira pamenepo ndinkagwira m'mawa, pamthunzi wa mtengo wa mapeyala. Ndinadula nsalu ya ulusi wa galasi zidutswa zinayi, chilichonse chokulirapo kuposa chinzake, n'kumaziyala chimodzichimodzi, ndikuzinyowetsa pogogoda ndi nsonga ya bulashi, osati kupaka ngati penti. Nsalu ikamwa bwino imasiya kuyera n'kuyamba kuonekera m'kati. Pakatsala poyera ndiye kuti pali mpweya, ndipo pamenepo mpamene padzayambire kusweka. Mabowo onse asanu ndi limodzi ndinawatseka motero, ngakhale amene ankaoneka abwino, kuti ndidzaboole atsopano pamalo olimba.

Madala aja anandipatsa nzeru ina imene ndikuona kuti ndiyo yapulumutsa kanopiyi. M'malo mwa mawasha, ndinapita ku Siyaso ku Mbare, anyamata owotcherera anandidulira tizitsulo tafulati sikisi, kalikonse kotalika ngati chala chapakati, kokhala ndi bowo pakati. Kachitsulo kotere kamagawa mphamvu ya bawuti pamalo aakulu, pamene washa wamng'ono amafinya pamodzimodzi mpaka kuboola. Pakati pa kachitsulo ndi fibreglass ndinaikapo chidutswa cha chubu chakale cha galimoto. Mabawuti atsopano ndinagula mu Kaguvi Street, pamodzi ndi manati aja okhala ndi pulasitiki m'kati, amene samasuka okha galimoto ikamanjenjemera.

Labala wa pansi musagule siponji wamba womwa madzi. Ndinagula wakuda wa EPDM, womata mbali imodzi, amene samwa madzi komanso amapirira dzuwa. Poyesa, ndinadula kachidutswa n'kukaviika m'kapu, nditakafinya sikanatulutse kanthu. Ndinamumata kuzungulira osadula m'ngodya, polumikiza pakhale kumbuyo. M'ngodya ziwiri zakutsogolo, pamene khoma lakutsogolo la bodi limakumana ndi la m'mbali, pali kampata koti zitsulozo sizilingana msinkhu. Mpata umenewo ndi umene unanyowetsa ufa uja, chifukwa madzi otsika padenga la kabini amathera pomwepo. Ndinaudzaza ndi guluu wakuda wa polyurethane, amene amagwira chitsulo ndi fibreglass yomwe ndipo akauma amakhalabe wofewa.

Pobwezera kanopi tinaikhazika kaye osamanga, n'kuyeza kuti mpata wa pakati pa iyo ndi kabini ukhale wofanana mbali zonse, chifukwa ikagunda kabini imasupula penti. Ndinaboola kuchokera pansi, kudzera m'mabowo akale a bodi. Pomanga, mlamu wanga anafuna kukoka sipanala ndi mphamvu zonse ndipo ndinamugwira dzanja. Fibreglass si chitsulo. Umamanga mosinthanasinthana, ili kumanzere, ilo kumanja, mpaka labala ataphwatalala pafupifupi theka, basi.

Kuyesa madzi kunafuna nzeru zina, poti kwathu kuno pampopi satuluka tsiku lililonse. Tinatunga zigubu zinayi kumjigo n'kubwereka keni yothirira kudimba. Mwana wanga wamkazi analowa m'kati ndi tochi ndi choko, ine ndikuthira kunja kuyambira pansi kukwera m'mwamba, malo amodzi nthawi imodzi. Mukayambira padenga madzi amayenderera ponseponse ndipo simudziwa pamene alowera. Pansi ponse panali gwa, pouma. Nditafika pawindo lakumanja ndinamva, "Ababa, apa!" Dontho linali kutsika pangodya ya felemu.

Ndinaganiza kuti ndichotsa windo lonse, koma nditayang'anitsitsa m'ngalande mmene galasi limatsetsereka, ndinapeza timabowo tiwiri totulutsira madzi kunja. Kamodzi kanali katatsekeka ndi fumbi lofiira louma ngati njerwa. Kachiwiriko, ndi manja anga omwe, ndinali nditakamata ndi silikoni chaka china, poyesa kuti ndi pamene pakudontha. Madzi ankadzaza m'ngalandemo n'kusefukira m'kati. Kawaya ndi mswachi wakale zinathetsa nkhaniyo m'mphindi khumi.

Patatha mlungu umodzi ndikuyenda nayo, ndinabwereza kumanga mabawuti onse, chifukwa labala watsopano amakhazikika ndipo manati amapeza mpata. Lililonse linalola pafupifupi theka la kuzungulira. Phokoso lija la kwichi kwichi limene ndinalizolowera kumbuyo kwa mutu wanga, mpaka kumaliyesa la masipuling'i, linatheratu.

Mvula yaikulu yagwa katatu chikonzereni. Ulendo wachiwiri inandipeza pa High Glen Road nditanyamula makatoni a mabuku a Sande sukulu, ndipo nditafika kutchalitchi ndinayamba ndalowetsa dzanja m'ngodya yakutsogolo ija ndisanatsitse kanthu. Munali fumbi lokhalokha. Chatsala ndi chitseko chakumbuyo: hinjesi yakumanzere yadyeka, chitsekocho chimapendekeka pang'ono ndipo pamsewu wafumbi chimalowetsa dothi. Madala aja akuti ndipite nacho Loweruka likubwerali, ali ndi hinjesi ina yochotsa pa kanopi yakale imene akuganiza kuti ilingana.